Kukalawa vinyo ku Groot Constantia: zoyenera ndalama yanu ndi zoti muzilumphe

Ngati muli kagulu ka anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi ndipo mukufuna kuyamba kumudziwa vinyo, osati kungomwa, munda wa mphesa wa Groot Constantia ndi malo oyenera kuyambira mu Cape Town. Mundawu uli m'chigwa cha Constantia, pafupifupi makilomita 20 kuchokera pakati pa mzinda. Basi za City Sightseeing zimafikako, ndiye palibe chifukwa choti wina agwire chiwongolero atamwa. Koma zimene mukapezeko zimadalira kwambiri tsiku limene mwapita, ola lake, ndi ndondomeko imene mwalawira. Anthu awiri akhoza kulipira tikiti yofanana, wina n'kubwerako atadziwa botolo loti azigula zaka zikubwerazi, mnzakeyo n'kubwerako ndi mutu wokha.

Tikiti yolawira imakupatsani mitundu isanu ya vinyo, ndipo galasi limene mwamwera mumapita nalo kwanu. Pali tikiti ina yophatikiza kulawako ndi kulowa m'nyumba yakale ya eni munda, imene pano ndi nyumba yosungiramo mbiri pansi pa bungwe la Iziko, komanso Cloete Cellar, mosungira vinyo mwakale. Tengani yophatikizayi, ndipo yambani ndi mbiriyo musanalawe. Mundawu anaukhazikitsa Simon van der Stel, mtsogoleri wa Adatchi ku Cape, mu 1685, ndipo ndi wakale kuposa minda yonse ya vinyo mu South Africa. Banja la a Cloete linaugula mu 1778, n'kumanga mosungira vinyo muja mu 1791. Amene ankadulira mphesa, kuthyola ndi kuponda anali akapolo, mpaka ukapolo utathetsedwa ku Cape mu 1834. Akapolo ambiri a nthawi imeneyo ku Cape ankalembedwa ndi dzina limodzi lokha kenako "van Mozambique", ndipo zombo zochokera kumadoko a ku Mozambique zinkanyamulanso anthu ogwidwa kumtunda, kuchigawo cha Zambezi ndi cha nyanja yathu. Munthu wolankhula Chichewa sayenera kudutsa mbali imeneyi mothamanga.

Pitani pakati pa sabata, cha m'ma 10 kapena 11 m'mawa. Mu Disembala ndi Januwale, komanso Loweruka ndi Lamulungu, alendo amachuluka, wothira vinyo amatumikira matebulo angapo nthawi imodzi, ndipo mafunso anu amayankhidwa mwachidule. Miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kumakhala mvula koma mumakhala ndi wothirayo mokwanira. Ofuna kuona mphesa zikulowa m'fakitale apite mu Febuluwale kapena Malichi, nthawi yokolola.

Pa zolawa zotere amathira mamililita 30 mpaka 50 pa mtundu uliwonse. Zimaoneka zochepa, koma kasanu ndi mamililita 150 mpaka 250 a chakumwa cha mphamvu ya 13 kapena 14 peresenti. Lamulo la pamsewu ku South Africa limaletsa kuyendetsa galimoto mowa ukafika magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi, ndipo munthu wochepa thupi amene sanadye akhoza kufikapo ndi tikiti imodzi yomweyi. Patebulo pamakhala chiwiya cholavuliramo. Chigwiritseni ntchito popanda manyazi, akatswiri onse amalavula. Lilime ndi mphuno zimamva zonse vinyo asanatsike kukhosi, ndipo womeza chilichonse pofika galasi lachinayi amangoti zonse n'zokoma.

Musanayitanitse, gwirizanani mitundu iwiri imene aliyense alawe, kuti mukhale ndi pokambirana. Itatu yotsalayo aliyense asankhe yosiyana ndi ya mnzake, muzinunkhizana magalasi. Mukatero kagulu kanu kadutsa pafupifupi mndandanda wonse. Ndondomeko ikhale yoyambira woyera wopepuka, kenako woyera amene anakhala mu mgolo, ndiye wofiira wofewa, wofiira wolemera, wotsekemera pomaliza. Mukayamba ndi wotsekemera, shuga amatsalira pa lilime ndipo vinyo woyera wabwinobwino ngati Sauvignon Blanc amamveka wowawasa mopweteka. Mukayamba ndi wofiira wolemera, woyera amamveka ngati mwathira madzi.

Galasi ligwireni pa mwendo wake kuti dzanja lisatenthetse vinyo. Lipendeketseni pamwamba pa pepala loyera muone mtundu: wofiira wamng'ono amakhala wopita ku pepo m'mphepete, wokalamba amayamba kufiirira ngati njerwa. Nunkhizani kamodzi musanalizungulitse, kenako lizungulitseni lili patebulo masekondi asanu, n'kununkhizanso. Tengani pang'ono, muyendetse m'kamwa monse masekondi asanu mpaka khumi, mulavule, ndiye muwerenge nthawi imene kukoma kukutsalira. Vinyo wamba amazimirira nthawi yomweyo, wabwino amakhalabe theka la mphindi kapena kuposera. Pakati pa mitundu iwiri musatsuke galasi ndi madzi, chifukwa madontho otsala amasungunula vinyo wotsatira. Pemphani kadontho ka wotsatirayo, muzungulitse, mutaye. Tsiku limenelo musadzole perefyumu, chifukwa mumatseka mphuno za tebulo lonse, ndipo chingamu kapena mankhwala otsukira mano a posachedwa amasandutsa vinyo woyera kukhala wowawa.

Chigwa chimene muli mundawu chimadziwika ndi vinyo woyera, ndipo chifukwa chake ndi malo. Mphesa zili pamtsetse wa phiri la Constantiaberg, pa dothi lochokera ku miyala ya granite, mvula ya m'nyengo yozizira imapitirira mamilimita 1,000 pachaka, ndipo mphepo yochokera kunyanja ku False Bay imaziziritsa minda masana a chilimwe. Mphesa zimapsa pang'onopang'ono osataya kuwawasa kwake. Sauvignon Blanc wawo amanunkhira magalagadeya ndi tsabola wobiriwira, ndipo amathothoza malovu. Mweni asanathe zaka ziwiri kapena zitatu, pa madigiri 8 mpaka 10. Ambiri amamuziziritsa mopitirira, mpaka fungo lonse kutsekeka. Botolo likachoka mufiriji lidikire mphindi khumi. Ndi nsomba yootcha yofinyira ndimu, kaya ndi chambo kwathu kaya snoek ku Cape, palibe botolo lina pamndandandawu lomuposa.

Amene tikumuika patsogolo pa onse ndi Gouverneurs Reserve woyera, wosakaniza mphesa za Semillon ndi Sauvignon Blanc, amene amakhalako mu migolo ya mtengo wa oak. Alendo ambiri amamudumpha chifukwa dzina la Semillon salidziwa, ndipo amataya chinthu chabwino. M'kamwa amamveka wonona, koma kuwawasa kumamugwira kuti asalemere. Akakhala zaka zinayi kapena zisanu amayamba kununkhira uchi ndi phula la njuchi. Ameneyu musamuziziritse kwambiri, madigiri 11 kapena 12 akwana. Ngati thumba likulola botolo limodzi lokha lokwera mtengo, likhale ili.

Pa ofiira, Shiraz ndiye amakondweretsa anthu ambiri msanga: tsabola wakuda, zipatso zakuda, ndipo sakanda kukhosi. Amayenda bwino ndi nyama ya mbuzi yootcha. Koma samalani ndi tsabola wa kambuzi kapena Nali wambiri, chifukwa mowa wa 14 peresenti umakuza moto wa tsabola m'malo mouzimitsa, ndipo vinyoyo amasanduka wowawa. Chakudya cha tsabola chimafuna woyera wozizira. Pinotage ndi mphesa ya ku South Africa komweko, imene Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Pinotage wopangidwa mosasamala amanunkha mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo kapena labala wopserera, n'chifukwa chake ena anamuda. Wa ku Groot Constantia ndi waukhondo, wa zipatso zofiira, woyenera kumulawa. Komabe wofuna kuidziwa mphesayi mpaka pansi apite ku munda wa Kanonkop, ku Stellenbosch.

Gouverneurs Reserve wofiira, wosakaniza mphesa za mtundu wa ku Bordeaux, ku France, monga Cabernet Sauvignon, Merlot ndi Cabernet Franc, ndi amene amasokoneza oyamba kumene. Akadali wamng'ono amaumitsa nkhama ngati tiyi wakuda wothithikana wopanda mkaka. Kuuma kumeneko kumachokera ku makoko ndi njere za mphesa komanso ku mgolo, ndipo kumafewa ndi zaka. Si vuto. Mukafuna kumwa msanga, mukhuthulireni mu jagi yagalasi ola limodzi musanadye, ndipo pakhale nyama ya mafuta. Kusunga zaka zisanu kapena khumi kumafuna malo amdima a madigiri 12 mpaka 15, osasinthasintha, botolo litagona kuti chotsekera chisaume. Amene mumakhala ku Salima kapena ku Chikwawa ndipo mulibe malo otero, musagule loti musunge, chifukwa Okutobala mmodzi akwanira kuliwononga. Ndipo mawu oti wofiira amamwedwa wosaziziritsa anachokera ku nyumba zozizira za ku Ulaya. Kwathu muikeni mufiriji mphindi 20 mpaka 30 kuti atsikire pa madigiri 16 mpaka 18. Akafunda, fungo la mowa limakwirira zina zonse.

Grand Constance, vinyo wawo wotsekemera, ndiye mbiri ya malowa. Vinyo wotsekemera wa ku Constantia ankagulidwa ndi mafumu a ku Ulaya, ndipo Napoleon ankamwa ali mu ukaidi pa chilumba cha St Helena. Amapangidwa ndi mphesa za Muscat de Frontignan zimene amazisiya pamtengo mpaka zitafota, shuga n'kuchuluka. Sathiramo mowa wina wowonjezera. Amatuluka wa mtundu wa uchi wakuda, wonunkhira mphesa zouma, makoko a lalanje ndi maluwa. Chimene chimamusiyanitsa ndi zotsekemera zotchipa ndi kuwawasa kumene kumatsuka m'kamwa pomaliza, moti simumva kukhuta shuga. Funsani pa kauntala musanalipire ngati ali m'gulu la asanu aja kapena ali ndi mtengo wakewake. Botolo lake ndi la mamililita 375 ndipo ndi lodula, koma ndi logawana: mamililita 40 aliyense akwanira anthu asanu ndi anayi. Lotsala likatsekedwa bwino limakhala mufiriji milungu iwiri kapena itatu osasintha kwenikweni.

Kulawa kophatikiza vinyo ndi chokoleti ndikotchuka, koma pa ulendo woyamba kulumpheni. Shuga ndi mafuta a chokoleti zimaphimba lilime, vinyo wosatsekemera n'kumamveka wowonda ndi wowawa kuposa mmene alili. Mumasangalala ndithu, koma botolo logula mumalisankha molakwika. Ndalama imeneyo ipite ku nkhomaliro ku Jonkershuis kapena ku Simon's, malo odyera awiri a pamundapo, kumene mungayese galasi limodzi la vinyo amene wakukomerani pamodzi ndi chakudya chenicheni.

Kulikonse kumene mukulawa, dziwani fungo la vinyo wowonongeka. Akanunkha katoni yonyowa kapena chipinda cha chinyontho, chotsekera cha cork chamuipitsa ndi mankhwala otchedwa TCA. Si wapoizoni, koma kukoma kwake kwafa, ndipo kuzungulitsa galasi sikuthandiza. Akanunkha apulo wovunda kapena viniga, ndiye kuti botolo lakhalitsa lotsegula ndipo mpweya walowa. Funsani mwaulemu kuti linatsegulidwa liti. Wothira wodziwa ntchito amanunkhiza yekha n'kutsegula lina, chifukwa nayenso safuna kuti muweruze munda ndi botolo lodwala.

Pogula yang'anani kachidindo ka pakhosi pa botolo ndi mawu oti Wine of Origin Constantia. Dongosololi linayamba mu 1973. Likatchula dera, mphesa zonse zachokera kumeneko, ndipo likatchula mtundu wa mphesa kapena chaka, osachepera 85 peresenti ndi zimenezo. Mabotolo opita ku Malawi amafera panjira nthawi zambiri. Basi yochoka ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza imayenda kupitirira tsiku lathunthu, ndipo mosungira katundu mumatentha, makamaka ikaima pamalire. Vinyo akatenthedwa amafufuma, chotsekera chimatukuka, pakhosi pamamata, ndipo amamveka ngati jamu wophikidwa. Tumizani mu Juni kapena Julayi, botolo lililonse litakulungidwa m'zovala pakati pa chikwama. Pa ndege amalowa m'chikwama chachikulu chokha, ndipo mabotolo asanu ndi limodzi amalemera pafupifupi makilogalamu 8. Akafika, apumuleni sabata imodzi pamalo ozizira musanatsegule.

Amene mukadali ndi mphamvu masana, munda wina wotchedwa Klein Constantia uli pafupi, ndipo Vin de Constance wawo, amene anayambiranso kupangidwa mu 1986, ndi woyenera kumuyerekeza ndi Grand Constance tsiku lomwelo kukoma kukadali m'mutu. Vin de Constance amapangidwa ndi Muscat woyera yekha, ndipo amamveka wowala, wopita ku zipatso za malalanje. Lembani zimene mwamva pa onse awiri musanamve maganizo a anzanu, chifukwa woyamba kulankhula amakokera tebulo lonse kumbali yake. Munda wachitatu usiyireni tsiku lina, pofika pamenepo mphuno imakhala itatopa.