Chitsamba chofiira cha kuno ku England

Abale anga kumudzi, paja mumandifunsa kuti ntchito ya m'magadeni imayenda bwanji, ndiye lero ndikuuzeni za chitsamba chomwe amati dogwood, a sayansi amati Cornus sanguinea. Ndi cha konkuno, chimamera chokha m'mipanda ya m'mbali mwa minda makamaka kum'mwera kwa England komwe ukangokumba pang'ono umapeza choko choyera mbee.

Ine ndinayamba kuchikonda mu Disembala, 4 koloko kunja kwada kale, mitengo yonse masamba atayoyoka, kuzizira kofika m'mafupa, koma icho nthambi zili psuu ngati magazi moti ndinkaima kaye ndi wilibala yanga kumangochiyang'ana.

Ndiye itafika Malichi abwana anandipatsa chodulira nkuti dula zonse, usiye timazitsa ta masentimita 10 kapena 15 basi. Mtima unandiwawa zedi, ndimati chinthu chokongola chonchi tichiphe bwanji, ndipo sindinama zitsamba ziwiri za kumapeto ndinazisiya dala osadula. Chisanu chitabweranso zomwe ndinadula zija zinali zitaphukira nthambi zatsopano zowongoka zofiira bwinobwino, pomwe zanga ziwiri zija zinali zotuwa pansi ponse, kufiira kunsonga kokha. Kani mtundu uja umakhala pa nthambi zanthete! Koma musadule chongobzala kumene, chisiyeni zaka ziwiri kapena zitatu chigwire kaye, komanso mukadula zonse chaka chimenecho maluwa mulibe, nchifukwa chake ena amadulako zokalamba zokha kuti mbalame zisasowe chakudya. Maluwa ake ndi oyera, amabwera cha mu Juni, fungo lake silabwino kwenikweni, kenako timabereka tizipatso takuda tomwe mbalame zimalimbirana koma munthu sadya.

Sichivuta, pamthunzi chimakula ndithu koma padzuwa ndi pomwe chimafiira kwambiri, chimafuna dothi lachinyezi, ndipo chimatulutsa mphukira kumizu moti ukachilekerera chimadzaza malo onse.

Chomwe chinandikumbutsa kwathu ndi kubzala kwake. Mu Novembala timadula nthambi yonenepa ngati pensulo nkuizika m'dothi, chimodzimodzi mmene amayi ankazikira chinangwa, tsiku limenelo manja ankangodziwa okha chochita ndipo ndinapukwa kwambiri. Chaka chino ndazika 12 kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi, ndikudikira ndione kuti zigwira zingati.