Gusheshe, Dolphin kapena G-string: ndi iti yoti muiphwasule n'kupita nayo ku Zwartkops?

Pagalaja pomwe ndimagwira ntchito kuno ku Joni pali mkangano umene sukutha. Mnzathu wina wa kunyanja wakhala akusunga kandalama, ndipo akufuna BMW yakale ya zitseko zinayi yoti aikonze, aichotse mipando yakumbuyo ndi makapeti, azikaithamangitsa pamasiku aja mabwalo a mpikisano ngati Zwartkops amatsegulira aliyense, amene eni ake kuno amati track day. Tikaweruka Lachisanu, manja adakali bii ndi girisi, aliyense amamukokera kwake. Galimoto zake ndi zitatu, mibadwo yotsatizana ya BMW 3 Series: E30, E36 ndi E46. Zonsezi zinapangidwako ku fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, n'chifukwa chake zili mbwee m'misewu ndi m'masikirapu a dziko lino.

Ndinene poyera kuti ine ndili ku E36. Koma enawo ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zomveka.

Tiyambe ndi E30, imene inayamba kupangidwa mu 1982. Kuno ikangodutsa, ngakhale mwana amakuwa kuti "Gusheshe!" Kwenikweni dzinali ndi la 325iS, imene inapangidwira South Africa yokha, ya injini ya malita 2.7, kuti izikalimbana ndi Opel Kadett Superboss pamipikisano ya Group N, ya galimoto wamba zosasinthidwa kwambiri, koma masiku ano anthu amatchula choncho E30 iliyonse ya masilinda sikisi. Imene munthu wamba angailote ndi 325i: injini ya M20 ya malita 2.5, mavalavu 12, mphamvu pafupifupi 125 kW. Pa pepala zikuoneka zochepa. Chinsinsi chake ndi kupepuka, chifukwa imalemera makilogalamu pafupifupi 1,200 basi. Galimoto yopepuka sidya matayala, sitenthetsa mabuleki msanga, ndipo pakona imakuuza zonse kudzera m'chiwongolero ndi pampando. Ndinayendetsapo ya kasitomala wina titangoikonza kutsogolo, ndipo sindinama, ndinabwerera pagalaja ndikumwetulira ndekha ngati wamisala.

Koma walira mvula walira matope. M20 imayendera lamba wa taimingi, ndipo lambayo akaduka mapisitoni amakumana ndi mavalavu, injini n'kuthera pomwepo. Mukagula E30, lamba ameneyu ndi pampu ya madzi musinthe musanapite nayo ngakhale ku shopu yapakona. Mavalavu ake amafuna kusetedwa pamanja nthawi ndi nthawi, komanso ma rocker, tizitsulo tokankha mavalavu, amathyoka mukamaikakamiza pamarevu apamwamba nthawi yaitali. Chiwongolero chake chimazungulira pafupifupi kanayi kuchokera mbali ina kufika ina, moti pamakona otsatizana manja amachita ngati mukupalasa bwato. Ambiri amachichotsa n'kuikamo reki ya chiwongolero ya E36 kapena ya BMW Z3. Taonani, E30 yabwino imayamba ndi kubwereka ziwalo kwa mng'ono wake.

Kumbuyo ndiye kuli nkhani. Mawilo akumbuyo a E30 amagwiridwa ndi mikono yopendekeka, ija amati semi-trailing arm, ndipo galimoto ikamatsika kapena kukwera, tayala limasintha kapendekedwe kake. Mukachotsa phazi pamoto muli pakatikati pa kona, kumbuyo kumafuna kubwera kutsogolo. Anyamata a spinning m'malokeshoni amaikondera chimenechi, chifukwa kuizunguza sikuvuta. Koma kuzungulira pamalo amodzi n'kutulutsa utsi ndi masewera ena, kuthamangitsana ndi wotchi ndi enanso. Kwa munthu amene akuphunzira, khalidwe limeneli limaphunzitsa, inde, koma limalipiritsa sukulu fizi.

Chondiletsa chachikulu si chimenechonso. Ndi mtengo ndi dzimbiri. E30 yasanduka galimoto ya anthu osunga zakale, ndipo yabwinobwino amaigulitsa ngati ng'ombe ya mkaka. Yotchipa imene mungaipeze ndi ija yadutsa m'manja mwa anthu khumi, yazunguzidwa mpaka difu kulira, ndipo pansi pake pali zigamba. Yang'anani pomwe pamakhala batire, pansi pa galasi lakutsogolo, poikira jeke ndi m'mphepete mwa mawilo akumbuyo. Ikakhala yochokera ku Durban kapena ku Cape Town, komwe mpweya uli ndi mchere, tengani sikuludiraiva muzibaya pansi. Ndinaonapo ina yopakidwa penti yowala ngati galasi, koma titaikweza pa lifiti, sikuludiraiva inangolowa phoo, mpaka kutulukira pa kapeti. Ndipo mukapeza yoyera yopanda banga, kodi mtima ukulolani kuiboola kuti muwotchereremo roll cage, chikhola cha mapaipi achitsulo choteteza dalaivala? Ine ayi. Imeneyo ndi yopita nayo ku tchalitchi.

Tsono E36, imene kuno amaitcha Dolphin. Inatuluka mu 1990 ndipo inapangidwa zaka pafupifupi khumi. Pali ziwiri zoyenera kuziganizira. 325i ili ndi injini ya M50, mavalavu 24, 141 kW. 328i, imene inabwera mu 1995, ili ndi M52 ya malita 2.8, 142 kW. Mukaona manambala amenewa mutha kunena kuti n'chimodzimodzi, koma 328i imakoka kwambiri pamarevu apansi, 280 Nm, ndipo potuluka pakona mumaimva. Zonse ziwiri zimayendera tcheni, ndiye nkhawa ya lamba ija palibe. Pali kamatsenga kena kodziwika kwa aliyense wosewera ndi galimotozi: kuchotsa manifodi ya mpweya ya M50 n'kuiika pa M52. Ya M50 ili ndi njira zotakasuka, motero 328i imapuma bwino kumarevu apamwamba, komwe pabwalo mumakhalitsa. Ndi chitsulo cha pa sikirapu, osati cha mukatalogi.

Kusiyana kwina kumene anthu amaiwala ndi buloko. Ya M50 ndi yachitsulo, imapirira nkhanza. Ya M52, kupatula zopita ku America, ndi ya aluminiyamu, yopepuka koma yosakhululuka ikatentha kwambiri: hedi imapindika, ndipo pomanganso mabawuti a hedi amatha kuzula mazinga m'buloko momwemo. Choncho ngati wogulitsa 328i akuti "inangotenthako pang'ono kamodzi", mutsanzikeni mwaulemu.

Kutentha kumeneku ndiko kufooka kwa E36. Khosi la rediyeta ndi lapulasitiki, mapampu ena a madzi ali ndi chopukusira chapulasitiki, ndipo pulasitiki wa zaka pafupifupi makumi atatu amafumbutuka ngati bisiketi. Musadikire kuti chiphulike. Rediyeta, pampu, thermostat ndi chivundikiro chake, mapaipi onse a madzi, sinthani zonse tsiku limodzi. Chachiwiri ndi nati ya pampu ya oyilo, imene imadziwika kuti imamasuka pa injini zothamangitsidwa kwambiri. Ikamasuka, oyilo amasiya kuyenda ndipo mumadziwa injini itagogoda kale. Popeza mutsegula sampu, beseni la oyilo pansi pa injini, kuti muimange ndi waya kapena kuiwotcherera, ikanimonso timalata totchinga oyilo kuti asamathawire mbali imodzi pakona yaitali. Chachitatu ndi mabushi akumbuyo ndi pomangira mashokapu akumbuyo, pomwe chitsulo chimang'ambika. Pali timapuleti towotcherera pamenepo, ntchito ya tsiku limodzi kwa wowotcherera wodziwa.

N'chifukwa chiyani ndikuikondabe ili ndi matenda onsewa? Chifukwa onse ndi odziwika, ndipo mankhwala ake ali pa shelefu. Kumbuyo kwake kuli mikono ingapo, kumene BMW inatcha Z-axle, ndipo kumagwira msewu modekha. Mukalakwitsa pakona, imakuchenjezani isanakutayeni. Imalemera kuposa E30, kupitirira makilogalamu 1,300, koma mukatulutsa mipando, makapeti, zotchinga phokoso ndi eyakoni, imatsika ndithu. Mawilo ake ndi a mabawuti asanu, 5x120, pomwe E30 wamba ndi anayi, 4x100. Zimenezi zikutanthauza kuti mabuleki akuluakulu a E46 330i kapena a M3 mutha kuwaganizira mtsogolo, ndipo marimu a mainchesi 17 ali paliponse. Chenjezo limodzi: E36 Compact, ija yodulidwa kumbuyo, inatengera kumbuyo kwa E30, ndiye musaisokoneze ndi izi ndikunenazi.

Ndipo pali mfundo ina imene sitikonda kuinena. Tsiku lina mudzaigunditsa kukhoma la matayala. Zikadzatero ndi E36, mudzapita ku sikirapu Lolemba, n'kubwera ndi boneti, fenda ndi nyale. Zikadzatero ndi E30, mudzalira maliro.

E46 sindichedwapo. Inabwera mu 1998, kuno amati G-string, ndipo 330i yake ya injini ya M54 imatulutsa 170 kW ndi 300 Nm. Mwa zitatuzi ndiyo yothamanga isanakhudzidwe n'komwe, thupi lake ndi lolimba pokhota, mabuleki ake ndi abwino kale. Koma imayandikira makilogalamu 1,500, ndipo kulemera kumeneko mumakulipira pa tayala lililonse ndi padi iliyonse. Ili ndi mawaya ndi masensa ambiri, moti kuchotsa chinthu chimodzi kumayatsa nyale zitatu pa dashibodi. Choopsa chake chili pansi pa buti, pomwe chimango cha difu chimamangidwa ku thupi: pamenepo pamang'ambika, ndipo kukonza kwake n'kutsitsa zonse zakumbuyo, thanki yomwe, kenako kuwotcherera. Ngati muli ndi ndalama ya ntchito imeneyo komanso ya matayala, E46 sikukhumudwitsani. Mnzathu wa kunyanja uja alibe.

Wina pagalaja amangoti, "Achimwene, gulani iliyonse, tiikemo V8 ya Lexus basi." Akunena 1UZ ya malita 4.0, imene a spinning amaiika m'ma E30 ambiri. Imakwana, imalira mokoma, ndipo sifa wamba. Palinso chifukwa chenicheni chofunira mphamvu kuno: Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja yamchere, mpweya ndi wopyapyala, ndipo injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo sikisi a mphamvu zake. Galimoto yomweyo mukapita nayo ku Killarney ku Cape Town imachita ngati yadya nsima ya kondowole. Koma chaka choyamba, mphamvu si vuto lanu.

Ndikutero chifukwa ndinapsa nazo. Ulendo wanga woyamba pabwalo, ndi galimoto yobwereka, ndinali nditasintha mapulagi, fyuluta, ekizozi, zonse zoti izilira. Buleki fuludi sindinamuganizire. Nditazungulira kasanu, ndikutsika kumapeto kwa msewu wowongoka, ndinaponda buleki ndipo phazi linangopita mpaka pansi ngati ndaponda nthochi yakupsa. Ndinapopa kawiri, katatu, inagwirako pang'ono, ndinakathera m'miyala kunja kwa kona, fumbi koboo, miyendo ikunjenjemera. Vuto linali langa. Fuludi amayamwa chinyezi akamakalamba, ndipo akatentha amawira, mumapaipi n'kukhala nthunzi. DOT 4 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, ndipo wa mpikisano amapitirira 300, koma amene wakhala m'galimoto zaka zitatu amawira kutali asanafike pamenepo. Ndipo musapusitsidwe ndi nambala: DOT 5 ndi wa silikoni, sasakanizidwa ndi enawa.

Ndiye kaya mwasankha iti, ndalama yoyamba ipite ku fuludi, mapadi opirira kutentha, mapaipi a mabuleki okutidwa ndi waya, kenako za madzi zija, kenako mabushi. Matayala a semi-slick, a mpikisano okhala ndi mizere yochepa, abwere pambuyo, chifukwa amagwira kwambiri moti amabisa zolakwa za dalaivala ndipo amafinya mabushi otha ndi sampu yopanda zotchinga. Apa E30 ili ndi mwayi wake: matayala a mainchesi 15 ndi otchipa kuposa a 17. Za kutsitsa galimoto mpaka kukhudza pansi, zisiyireni a pa car wash. Ndipo mpando wa mpikisano, malamba a m'mapewa ndi roll cage zimayendera limodzi. Malamba okumangani chilili m'galimoto yopanda zitsulo zoteteza denga ndi msampha ikagubuduka. Ngati mukulingalira zodzalowa mpikisano weniweni, werengani kaye malamulo a Motorsport South Africa ndi a kalasi yanuyo musanagule paipi ngakhale imodzi, kuopa kuwotcherera kawiri.

Bwalo lomwe mudzapiteko kawirikawiri nalonso lili ndi mawu. Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, ndi lalifupi, makilomita 2.4, makona ali pafupipafupi, ndipo E30 yopepuka imatha kuvutitsa zazikulu kumeneko. Kyalami ku Midrand, komwe Formula One inathamangako komaliza mu 1993, ndi makilomita 4.5, kotakasuka, ndipo kumeneko E46 imangozisiya zinzake. E36 sichita manyazi kulikonse mwa awiriwa, ngakhalenso ku Red Star ku Delmas.

Mnzathu uja sabata yatha anakaona 328i ya manual ku East Rand. Penti yapadenga inasuwa, chitseko chimodzi ndi cha mtundu wina, nsalu ya kudenga ikulendewera mpaka kukhudza mutu. Iye anakhumudwa, ine ndinasangalala, chifukwa zonsezo tikanazitaya ndipo zatsitsa mtengo. Tinatsegula chivundikiro cha oyilo, munalibe thovu loyera lija. Tinayeza kompuresheni, masilinda onse sikisi anali pafupipafupi. Pansi pa buti panalibe mng'alu. Ili pagalaja pano, pamajeke anayi, ndipo bokosi la rediyeta yatsopano lafika dzulo. Wa V8 uja akudutsabe pafupi ndi tepi yoyezera m'thumba.