Bwato losema, boti lamatabwa kapena la fayiba: kuyeza chombo chogwirapo kale ntchito

Ambiri a ife okhala mu Blantyre timagula bwato tili kutali ndi madzi. M'bale amaimba foni kuchokera ku Kachulu, ku Mangochi kapena ku Nsanje kuti wina akugulitsa, natumiza chithunzi pa WhatsApp, ife n'kutumiza ndalama. Vuto ndi lakuti chithunzicho chimaonetsa bwato likuyandama, pamene kunsi kwake, kumene kumauza munthu zaka zimene latsala nazo, kuli m'madzi.

Bwato losema ndilo limatsika mtengo kuposa onse, ndipo funso loyamba liyenera kukhala lakuti analisema ku mtengo wanji. La mbawa kapena la mlombwa limapirira madzi zaka zambiri, koma popeza mitengo ikuluikulu yotere yasowa, osema ambiri akugwetsa mango ndi mitengo ina yofewa, imene imawola msanga ngakhale bwatolo litaoneka lokongola. Likokereni kumtunda, mulivundikire, muligogode ndi chibakera kuyambira kumutu mpaka kumbuyo: thabwa lamoyo limalira mwamphamvu, lofumbwa limangoti phu. Kenaka bayani ndi nsonga ya mpeni pamene madzi amadikha, ndipo mpeniwo ukalowa ngati m'chinangwa chophika, musapitirize kukambirana. Mng'alu wa m'mphepete chakumwamba umatsekeka ndi lata ndi phula. Wa pansi, kapena woyambira kumutu n'kumatsata utali wa bwato, umakulirakulira nthawi iliyonse pamene bwatolo lakokedwa pamchenga. Ine ndinagulirapo mlamu wanga bwato limene linali litangopakidwa phula lakuda bii, ndipo patatha miyezi iwiri tinapeza zigamba zitatu zosanjikizana pamalo amodzi, kunsi kwake kuli thabwa loti mukhoza kulifikisa ndi chala. Kuyambira pamenepo phula latsopano ndimaliona ngati chifukwa chochotsera mtengo.

Boti lamatabwa, ngati amene akhala akukhomedwa ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, limakwera mtengo, koma lili ndi ubwino umene bwato losema lilibe: thabwa limodzi likawola, mmisiri amalichotsa n'kuikapo lina. Choncho musataye nthawi yambiri pa matabwa akunja. Yang'anani nthiti zam'kati, msana wa pansi ndi thabwa lakumbuyo pomangirira injini, chifukwa zimenezi zikafooka ndiye kuti mukugula ntchito yokhoma boti latsopano. Mizere yofiira yotsika pa misomali ndi dzimbiri, ndipo imafulumira pa nyanja ya Chilwa, imene madzi ake ndi amchere pang'ono popeza ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Boti limene lakhalitsa kumtunda limachucha likangolowa m'madzi, kenaka matabwa amafufuma n'kutseka mipata, kotero kuliweruza pa ola loyamba n'kulakwira wogulitsa. Likapeni madzi onse madzulo, ligone padooko, ndipo madzi amene mudzawapeze m'mawa ndiwo umboni woona.

La fayiba, lopangidwa ndi pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi, siliwola ndipo silidyedwa ndi chiswe, koma penti imabisa zambiri. Pondani pansi pake paliponse, ndipo pamene pakubonyoka dziwani kuti pamatuka m'kati. Mankhwala okonzera amachokera kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kachigamba kakang'ono kamadya ndalama zambiri, amisiri akenso sapezeka padooko lililonse.

Pa za mtengo, funsani kaye kuti chombo chatsopano cha msinkhu womwewo chikugulidwa bwanji padooko lomwelo, osati mu Limbe, kenaka muchotsepo ndalama zokonzera, zonyamulira, ndi za nkhafi ngati wogulitsa sakupereka. Funsaninso chifukwa chimene akugulitsira. Pamene Chilwa inaphwa mu 2018, mabwato ambiri anakhala miyezi pamatope ouma dzuwa likuwawamba, ndipo chombo chokhala ndi mbiri yotere chimang'aluka ngakhale chitakhala cha mtengo wolimba. Madzi osefukira, monga a namondwe Freddy mu Malichi 2023, amakokolola mabwato n'kukawasiya kwa anthu amene si eni ake, choncho ndalama iperekedwe pamaso pa komiti ya asodzi ya padooko, imene imatchedwa BVC, kapena pamaso pa mfumu, ndipo palembedwe kalata.

Kwa munthu wopha matemba ndi milamba m'madzi osaya a Chilwa kapena m'madambo a kuchigwa cha Shire, ndingasankhe bwato losema la mtengo wolimba lokhala ndi zigamba zoonekera, ngakhale lili lokalamba. Koma wofuna kulowa pakati pa nyanja ya Malawi, kumene mwera umautsa mafunde m'miyezi yozizira, awonjezere ndalama agule lamatabwa la nthiti zolimba, ndipo akwere basi akalione yekha lili chovundikira pamchenga.