Kit Yamoyo: ubwino wake ndi pamene kamaperewera mwana akamathulula

Mvula ikayamba mu Novembala mango n'kupsa, ntchentche zimachuluka ndipo madzi othamanga amakokolola zonyansa n'kuzilowetsa m'zitsime zosavundikira. Ku Mchini ndi ku Navutika, makomboni a ku Chipata, ndi m'midzi ya kuno kum'mawa kwa Zambia, nyengo imeneyi ana ambiri amatsekula m'mimba. Zoyambitsa zake n'zodziwika: madzi akumwa osathira mankhwala, ndiwo zogona zimene zangofunditsidwa osawira, manja osasamba ndi sopo pochokera kuchimbudzi, komanso rotavirus, kachilombo ka makanda kamene sikadikira n'komwe mvula. Katemera wake ali kusikelo kuyambira 2013. Chimene chimatenga mwana msanga pa matendawa ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo Kit Yamoyo anaipangira vuto limenelo: ndi kathumba kokhala ndi ufa wa madzi a moyo (ORS, obwezera madzi ndi mchere m'thupi) ndi mapiritsi a zinki.

Kathumbaka kali ndi mbiri yake kwathu kuno. Kanayesedwa koyamba mu 2012 ndi 2013 m'maboma awiri, Katete ndi Kalomo, ndi bungwe la ColaLife la Simon ndi Jane Berry, ndipo opanga ake ndi kampani ya Pharmanova ya ku Lusaka. Poyamba kanali kachibokosi kopangidwa kuti kazilowa pakati pa makosi a mabotolo m'kireti ya Coca-Cola, n'cholinga choti kazifika kulikonse kumene zakumwa zimafika. Asanayambe kuyesa, ana olandira madzi a moyo pamodzi ndi zinki sankakwana ndi mmodzi yemwe pa 100 alionse othulula. Chaka chitatha, m'madera oyeserawo anafika 45 pa 100. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linaika paketi yophatikiza zinthu ziwirizi pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Mukatsegula kathumba ka masiku ano mupezamo timapaketi 4 ta ufa wa madzi a moyo, kalikonse kosungunulira m'madzi okwana 200 ml, ndi mapiritsi 10 a zinki. Ufawo amaukometsera ndi fungo la lalanje. Kathumbako kokha kali ndi mzere wosonyeza polekeza madzi, ndipo mzere umenewo ndiwo chinthu chanzeru koposa pa katundu yenseyu.

Chifukwa chake ndi ichi. Madzi a moyo amagwira ntchito pokhapokha muyezo ukakhala wolondola. Shuga wa glucose ndiye amanyamula mchere kuwolotsa khoma la matumbo, madzi n'kutsatira pambuyo kulowa m'magazi. Pa lita imodzi pamakhala magalamu 13.5 a glucose, 2.6 a mchere wamba, 1.5 a mchere wa potaziyamu ndi 2.9 a mchere wina wotchedwa citrate. Paketi yaikulu ija ya kukiliniki ndi ya lita yathunthu, koma nyumba zambiri zilibe choyezera lita. Mayi amathira ufa wonse m'kapu imodzi, madziwo n'kuwawa mchere kwambiri moti amakoka madzi m'thupi kubwezera m'matumbo, mwana n'kuthulula koposa, ndipo mchere ukachuluka m'magazi khanda likhoza kukomoka. Wina amatapako ufa pang'ono ndi nsonga ya supuni kuti paketi ikhalitse, madziwo n'kukhala opanda mphamvu. Ndi Kit Yamoyo zongoganizira palibe: kapaketi kamodzi, madzi mpaka pamzere.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Sambani m'manja ndi sopo. Madzi akhale owiritsa, obwata kwa mphindi imodzi yathunthu n'kuzizira, kapena othira Clorin monga mwa malangizo a pabotolo n'kudikira mphindi 30. Thirani mpaka pamzere, khuthulani kapaketi konse, khutchumulani mpaka ufa usaonekenso pansi. Musaonjezere shuga, ndipo musawiritse madzi mutathira kale ufa. Mwana wosakwana zaka 2 amwe 50 mpaka 100 ml nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, kutanthauza kotala kapena theka la zimene mwasungunulazo. Wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200 ml. Wamkulu amwe mmene angathere. Khanda lipatseni ndi supuni yaing'ono, supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri, mutalikhazika pamiyendo, osati chogona chagada. Likasanza dikirani mphindi 10, kenako yambaninso pang'onopang'ono kuposa poyamba. Apa ndi pamene amayi ambiri amatayira mtima n'kusiya, chonsecho ngakhale mwana asanze, ena mwa madziwo amakhala atalowa. Zotsala zikatha maola 24 zitayeni.

Zinki ndi theka lina la kathumbaka, ndipo ndi limene limanyalanyazidwa. Mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo amwe piritsi limodzi la 20 mg patsiku, wochepera miyezi 6 theka la piritsi, kwa masiku 10 osadumphitsa. Ikani piritsi pasupuni, dontheserani mkaka wa m'mawere kapena madzi oyera pang'ono, lisungunuke, ndipo mupatseni atadyako kanthu chifukwa zinki pamimba yanjala amachititsa nseru. Amafupikitsa masiku othulula, amathandiza matumbo kupola, ndiponso amachepetsa mwayi woti matendawo abwererenso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Phindu lomalizali limabwera mukamaliza masiku onse. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti tsiku lachitatu mwana wayamba kusewera, mapiritsi 7 otsala n'kupita pamwamba pa kabati kudikira m'bale wake akadzadwala. Musatero. Mapiritsi 10 amenewo ndi a mwana mmodzi.

Tsopano poperewera pake. Timapaketi 4 timapereka 800 ml yokha. Kwa khanda lothulula pang'ono ndi zokwana, koma mwana wa zaka 5 amene akuthamangira kuchimbudzi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi akhoza kuzimaliza tsiku limodzi. Choncho kathumba kamodzi musakaone ngati mankhwala onse. Khalani ndi mapaketi ena a ORS pambali, ndipo werengani bwino ngati alembapo 200 ml kapena lita imodzi. Ya lita imafuna mabotolo awiri odzaza a 500 ml. Chachiwiri, kathumba kofewa sikaima bwino ngati kapu, ndiye mukayeza ndi bwino kukhuthulira m'kapu yoyera yovundikira. Chachitatu ndi kapezekedwe: pa tuntemba ta kumudzi sikapezeka nthawi zonse, ndiye gulirani mukabwera m'tauni mvula isanayambe, muone tsiku lothera ntchito, musunge pouma. Ufa ukagwirana ngati mwala kapena kusintha mtundu, chinyezi chalowa, utayeni.

Pali dandaulo lina limene limamveka kwambiri, lakuti "tamumwetsa koma akuthululabe". Dandaulo limeneli si chilema cha kathumbaka. Madzi a moyo satseka m'mimba. Amabwezera zotayika pamene thupi likuchotsa kachilombo, zimene nthawi zambiri zimatenga masiku atatu mpaka asanu ndi awiri. Kufuna zotseka pompopompo ndiko kumathamangitsa anthu kukagula Flagyl kapena makapisozi pakantemba. Mankhwala amenewo sachita kanthu pa rotavirus, amasokoneza mabakiteriya abwino a m'matumbo, ndipo kumwa mwachisawawa kumachititsa kuti adzakanike tsiku limene adzafunikedi. Loperamide, mankhwala otseka m'mimba, ndiye musapatse n'komwe mwana wamng'ono: amaimitsa matumbo, mimba n'kutupa.

Nanga za pakhomo? Timapaketi tikatha usiku, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi owiritsa. Masupuniwo akhale osalaza pamwamba ndi mpeni, osati a mulu, ndipo mukalawa asawawe mchere kuposa misozi. Njirayi ndi yongogwirizira mpaka kucha, chifukwa mulibe potaziyamu. Nthochi yakupsa yokanya imathandiza pamenepo. Madzi a mpunga othira kamchere, phala lamadzimadzi ndi msuzi wa nkhuku ndi zabwino. Zakumwa za m'mabotolo ndi juwisi wotsekemera zili ndi shuga wambiri koma mchere wochepa, zimaonjezera kuthulula. Madzi a masamba a gwafa amene agogo amawiritsa sabwezera mchere wotayika, ndipo makala osinja asalowe m'kamwa mwa mwana. Kuyamwitsa kusaleke ngakhale pang'ono. Mwana wodya kale apitirize kudya, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo akachira mumuonjezere chakudya chimodzi patsiku kwa milungu iwiri kuti thupi libwerere.

Nkhani ya liwombo njofunika kuinena mosabisa. Liwombo la khanda lothulula likalowa m'kati, kwathu ambiri amathamangira kumata mankhwala pamutu kapena kukankha m'kamwa ndi chala. Liwombo lalowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo limadzadzanso madziwo akabwerera. Maola amene atayika pofuna womata ndi omwe akanapulumutsa mwanayo. Chimodzimodzi mawu akuti "ndi mano akumera": pa msinkhu umenewo mwana akukwawa, akutola chilichonse n'kuika m'kamwa, ndipo kuthulula kwake kumafuna madzi a moyo ngati kwina kulikonse.

Kwa akuluakulu, Kit Yamoyo si mankhwala a mimba iliyonse yovuta. Chilungulira cha pambuyo pa nsima yambiri ndi nyama yamafuta usiku chimafuna kudya msanga, maola atatu musanagone, ndi kusiya Brufen kapena asipirini pamimba yanjala. Kudzimbidwa kumafuna madzi, masamba, mapapaya ndi nsima ya mgaiwa. Amene ali ndi matenda a impso afunse kaye adokotala asanamwe madzi a moyo ambiri.

Kathumbaka n'koyenera kukhala m'nyumba iliyonse muli mwana wosakwana zaka 5, koma kali ndi malire ake. Nyamukani kupita kukiliniki, mukumwetsabe panjira, ngati mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wafooka moti sakudzuka bwino, maso alowa, khungu la pamimba mukalitsina likuchedwa kubwerera, kapena m'chimbudzi muli magazi. Thupi likatentha akayezedwe malungo tsiku lomwelo, poti kuno malungo amabwera ndi kuthulula komwe. Khanda losakwana miyezi 2 ndi mwana wowonda kwambiri kapena wotupa mapazi asasamalidwire kunyumba. Pakatha masiku atatu popanda kusintha, pitani kukiliniki. Ndipo chimbudzi chikakhala choyera ngati madzi otsukira mpunga n'kumatuluka mosalekeza, kwa mwana kapena wamkulu, ganizirani kolera, uja anadzaza odwala m'bwalo la masewera la Heroes Stadium ku Lusaka kumayambiriro kwa 2024. Ameneyo amatha kuumitsa munthu m'maola ochepa. Sungunulani timapaketi tonse m'botolo la madzi okwana 800 ml, azimwa m'galimoto kapena panjinga mpaka mukafike.