Kamita kachikasu ka DT830B, kandiletsa kugula alitaneta yomwe inalibe vuto

Kamita koyezera magetsi aka ndakhala nako miyezi isanu ndi iwiri tsopano ndiye ndati ndilembeko, chifukwa ambiri amene tili ndi magalimoto a ex-Japan tikutaya ndalama pa mabatire ndi ma alitaneta (chida chomwe chimatchaja batire injini ikulira) pomwe vuto lili pena.

Nkhani yake inayamba chonchi, Sienta yanga inayamba kukana kulira m'mawa, ukapotokola kiyi kumangomveka tche tche tche basi, magetsi a pa dashibodi kuzimirira. Masiku awiri otsatizana anyamata a kwa aneba ndi amene anandikankha mpaka kutulutsa pa geti kuti mnzanga adzandijampe, paja ndi otomatiki siyilira ndi kukankha. Ndinangoti batire latha, ndinakagula latsopano NS60, ndalama zambiri ndithu. Patangotha masabata atatu vuto lomwe lija labweranso. Ndinapita pa galaja ina ku Biwi, mekaniki anangotsegula boneti, kuyang'ana pang'ono, nkuti bwana alitaneta yapita iyi, tipeze ya sekondi handi. Sanayeze chilichonse. Choyeza chake chinali choti azule teminala ya batire injini ikulira aone ngati izime, ndinakana, ndipo chonde musamalole zimenezi pa galimoto za masiku ano, batire ndi limene limagwira magetsi kuti asamalumphe ndiye ukalichotsa injini ikuyenda ukhoza kuwotcha kompyuta ya galimoto.

Msuweni wanga amaika ma sola, ndi amene anandiuza kuti achimwene musanagule kanthu kena gulani kamita kaja kachikasu, tiyeze kaye. Ndinakapeza mu hardware ina ku Malangalanga, mtengo wake unali ngati wa malita ochepa chabe a petulo. Kamabwera ndi timawaya tiwiri, kofiira ndi kakuda, mkati muli kabatire ka 9V kamakona anayi kaja. Kuyeza galimoto umazunguliza kabatani ka pakati kufika pa 20 mbali ya DCV, kakuda ulowetse pa COM, kofiira pa kabowo kolembedwa V, basi wamaliza.

Manambala oyenera kuwadziwa ndi ochepa. Batire labwino lodzadza, galimoto itagona usiku wonse osalizidwa, limaonetsa ma volt 12.6. Likakhala pa 12.2 ndiye kuti lili pa theka, likafika 12.0 kapena kutsika apo ndiye latsala pang'ono kutheratu, ndipo ukaona cha mma 10.5 nthawi zambiri selo imodzi yafa, paja muli maselo 6 ndipo iliyonse imapereka pafupifupi 2.1. Pamene wina akupotokola kiyi nambala imatsika koma isamapitirire pansi pa 9.6. Injini ikalira nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5, apo ndiye kuti alitaneta ikutchaja bwino.

Yanga m'mawa inaonetsa 12.1, batire latsopanolo. Titaijampa nkulira inakwera kungofika 13.1, nditayatsa malaiti ndi fani inagwa pa 12.6. Kunena zoona apa ndinayamba kukhulupirira mekaniki uja, ndinati kani amanena zoona. Koma msuweni wanga pa foni anati ayi musathamange, yezani pa alitaneta penipenipo. Kumbuyo kwake kuli kabauti komwe waya wonenepa amamangidwa, kali ndi kachipewa ka labala, ndinaika kofiira pamenepo kakuda pa thupi la alitaneta, mosamala chifukwa lamba akuzungulira pafupi pomwepo ndipo malaya ndinachita kupisira. Inaonetsa 14.2. Ndiye kuti alitaneta ikutulutsa bwinobwino koma ku batire kukufika 13.1, volt yathunthu ikusowa panjira.

Apa ndi pamene kamitaka kanandisangalatsa kwambiri. Ndinaika kawaya kamodzi pa mutu wa negative wa batire, kena pa chitsulo cha injini, injini ikulira malaiti ali oyaka. Malo awiriwa ndi olumikizana ndi waya wa ethi ndiye pamayenera kuoneka pafupifupi ziro, mwina 0.1 kapena 0.2. Panga panaoneka 0.9. Nditatsatira waya uja mpaka pomwe amamangidwa, ndinapeza bauti yolekera, pansi pake dzimbiri lokhalokha, timawaya ta mkati tambiri titaduka tatsala towerengeka tobiriwira, ukagwira tikungoyoyoka ngati ufa. Ndi waya yemweyo amene sitata imadutsiramo magetsi ake, nchifukwa chake m'mawa inkangoti tche tche. Wa mawaya wina anandipangira wina watsopano, tinapala pa chitsulo ndi sandipepa mpaka kuwala, kumanga zolimba, kuliza, 14.1 pa batire. Mpaka lero sinakanepo. Chimandiwawa ndi batire lakale lija, mwina linali lisanathe nkomwe koma ndinalisiya pa shopu pomwe ndinagula linalo.

Tsopano zoipa zake, chifukwa zilipo ndipo zina ndi zoopsa. Timawaya take ndi tofewa kwambiri, kofiira kanaduka pa khosi mwezi wachiwiri ndinachita kugula tina tolimbako. Sikazima kokha, ukaiwala kubwezera pa OFF mawa upeza kabatire katha. Ndipo kabatire kaja kakayamba kufooka kamita kamanama, kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Tsiku lina kanandionetsa 15.3 mtima unagunda ndithu, chifukwa kupitirira 15 ndiye kuti regulator, yomwe imaletsa alitaneta kutchaja mopitirira, yawonongeka, batire likuphikidwa, madzi ake amauma, limatupa mmbali, pamamveka fungo ngati la mazira owola ndipo mababu amapsa pafupipafupi. Ndinayang'anitsitsa pa kagalasi nkuona kachizindikiro ka batire pakona, nditasintha ka 9V inabwerera pa 14.2. Ndiye mukaona nambala yodabwitsa yambani mwaona kachizindikiro kameneko.

China ndi kabowo ka 10A, koyezera kuchuluka kwa magetsi omwe akudyedwa. Kamathandiza pofufuza chomwe chikudya batire usiku, monga wailesi yoikidwa molakwika, alamu kapena tracker, galimoto yozimitsa yotseka zitseko siyenera kumadya kupitirira cha mma 50 mA. Koma pa kanga kabowo kameneka kalembedwa kuti kalibe fyuzi, ukaiwala kofiira mmenemo nkukagusa mitu iwiri ya batire ndi shoti yeniyeni, moto umathetheka, mawaya kusungunuka. Ine ndinamatapo tepi, ndimachotsa pokhapokha ndikufunadi kugwiritsa ntchito. Kalibenso nyali pa galasi ndiye usiku mpaka tochi ya foni.

Komanso tisakanamizire, sikangakuuzeni mphamvu zonse za batire. Batire lokalamba likhoza kuonetsa 12.6 bwinobwino koma sitata ikangokoka nkugweratu, ndipo manambala a kamitaka amasintha mochedwa ndiye nthawi yopotokola kiyi umangoona mwa apo ndi apo. Pamenepo pamafunika makina aja oyezera batire likugwira ntchito omwe amakhala nawo ogulitsa mabatire akuluakulu. Ndipo a ma Honda Fit ndi magalimoto ena atsopanoko musadabwe mukaona 12 ndi kanthu injini ikulira, ena amatsitsa dala kutchaja pofuna kusunga mafuta, yatsani malaiti ndi fani muone ngati ikwere kufika mma 14 musanaweruze alitaneta. A ma Aqua ndi Prius inu nkhani yanu ndi ina, mulibe alitaneta mmenemo, yezani kabatire kakang'ono ka 12V kokha, mawaya a olenji aja, omwe amanyamula magetsi amphamvu kwambiri, musawayandikire ndi kamita aka.

Kwa munthu amene ali ndi galimoto imodzi ndipo akungofuna kudziwa ngati ndi batire, alitaneta kapena waya, ndikuti gulani, ingogulaninso timawaya tabwino ndi kabatire ka 9V kapadera. Wa mawaya amene akudyera ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku afune kena kolimba kokhala ndi fyuzi, aka sikangapirire. Kanga kamakhala mu kabati ya kutsogolo mu kapepala ka pulasitiki kuopa fumbi, Loweruka lapitali ndinayeza Vitz ya mlamu wanga yomwe nyali ya batire imangophethira, inali pa 12.8 ikulira, titayang'ana lamba anali wolekera akuchita kulira tswii ukaponda mafuta.