Khomo la MITC, chiphaso cha EPZ ndi misonkho yochotseredwa: kodi zimabala ntchito zingati?

Aliyense wofuna kutsegula fakitale m'Malawi muno, amene wamva zoti boma limachotsera misonkho, amayamba kugogoda ku Malawi Investment and Trade Centre, imene ambiri amangoti MITC. Bungweli linabadwa pophatikiza mabungwe awiri akale, MIPA yomwe inkakopa anthu obwera ndi mpamba ndi MEPC yomwe inkalimbikitsa kugulitsa katundu kunja, ndipo lamulo lolikhazikitsa ndi la 2012. Maganizo athu tinenerethu: thandizo lake ndi lenileni kwa munthu woitanitsa makina atsopano amene ali kale ndi wogula kunja kwa dziko. Kwa wabizinesi wamng'ono wa ku Ndirande kapena ku Mchesi, zambiri mwa zokopazi zimamudutsa pamwamba. Ndipo poti boma limati cholinga cha zonsezi ndi kupezetsa anthu ntchito, pali vuto la kakonzedwe kake: kuchotsera kwambiri kumawerengedwa pa makina ndi pa phindu, osati pa anthu olembedwa ntchito.

Chimene MITC imakupulumutsirani kwenikweni ndi nthawi ndi maulendo. Pa One Stop Service Centre yake ku Lilongwe mumapezako thandizo pa nkhani za msonkho, za ziphaso za anthu akunja, za malo ndi za kulembetsa kampani popanda kuzungulira mzinda wonse. Koma dziwani kuti desikiyo imalandira mapepala ndi kuwalondola. Wosaina ndi nthambi yomwe ija ya boma imene lamulo linaipatsa mphamvu. Chiphaso cha mlendo chimatuluka ku Immigration, kalata yochotsera msonkho imatuluka ku MRA. Pepala limodzi likasowa, fayilo yonse imaima, ndipo palibe desiki yomwe ingaikankhe.

Ndondomeko yake njofunika kuitsata mosadumpha. Poyamba mumalembetsa kampani kwa Registrar General, kenako mumatenga nambala ya msonkho ku MRA ndi kutsegula akaunti ya kampani ku banki. Ngati mpamba ukuchokera kunja, uyenera kulembetsedwa ku Reserve Bank kudzera ku banki yanu pa nthawi yomwe ukulowa. Ambiri amanyozera zimenezi, n'kudzalira patapita zaka pofuna kutumiza phindu kwawo, chifukwa palibe umboni wa ndalama zomwe zinalowa. Mukatero mumapempha chiphaso cha MITC, mutanyamula pulani ya bizinesi yosonyeza ndalama zomwe muike, gwero lake, katundu amene mupange ndi anthu amene mulembe. Mwini bizinesi wakunja amafunika Business Residence Permit, ndipo katswiri aliyense wobwera naye amafunika Temporary Employment Permit yakeyake, imene imafuna kufotokoza chifukwa chake Mmalawi sangagwire ntchitoyo. Fakitale yotulutsa utsi kapena madzi oipa iyenera kuunikidwa ndi MEPA, bungwe loteteza chilengedwe, isanayambe kumangidwa, ndipo katundu wake, makamaka chakudya, ayenera kudutsa ku Malawi Bureau of Standards. Pa malo, lamulo litasinthidwa mu 2022 mlendo sagulanso malo, amatenga lizi.

Cholakwika chodula kuposa zonse ndi kuitanitsa makina kalata yochotsera msonkho isanatuluke. Kontena ikatsika sitima ku Beira, eni sitima amakupatsani masiku owerengeka aulere. Akatha, amayamba kulipiritsa tsiku ndi tsiku, m'madola. Thiraki ikafika pa Mwanza kapena pa Dedza popanda kalata ija, mwina mulipire msonkho wonse n'kumadzaupempha pambuyo pake, mwina katundu akhale pamenepo ndalama ya thiraki ikuwerengabe. Chachiwiri ndi invoisi yolembedwa mwachisawawa. Mawu akuti "zipangizo za fakitale" sathandiza wa kasitomu. Amafuna dzina la makina aliwonse, nambala yake m'buku la misonkho ya katundu, mtengo wake, ndiponso ngati ndi atsopano kapena ogwirapo kale ntchito. Mndandanda womwe MRA inavomereza uyenera kufanana ndi zomwe zili m'kontena mzere ndi mzere; jenereta yomwe mwaiwonjezera pa mphindi yomaliza idzalipira yokha.

Tsopano ku ndalama zenizeni. Msonkho wa phindu la kampani yolembetsedwa m'dziko muno ndi K30 pa K100 iliyonse. Wopanga katundu akagula makina atsopano kapena kumanga nyumba yatsopano ya fakitale, amaloledwa kuchotsa mtengo wonse pa phindu lokhomedwa msonkho. Makinawo akakhala ogwirapo kale ntchito, amachotsa 40 pa 100 yokha. Tiyerekeze makina oyengera mafuta a soya a K500 miliyoni. Akakhala atsopano, msonkho wopulumuka ndi K150 miliyoni. Akakhala akale pa mtengo womwewo, mumachotsa K200 miliyoni, n'kupulumutsa K60 miliyoni. Koma kupulumutsaku kumadikira phindu. Fakitale yomwe yayamba kumene kawirikawiri imaluza zaka zoyambirira, ndipo zoluzazo mumaloledwa kuzinyamula zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Yemwe phindu lake lachedwa kupitirira apo, gawo lina la mphatsoyo limamuthera m'manja.

Wogulitsa kunja ali ndi zake ziwiri: kuchotsera 25 pa 100 ya phindu lochokera ku malonda akunja, ndi 25 pa 100 yowonjezera pa ndalama zonyamulira katundu kunja kwa malire. Izi sizikhudza fodya wosapangidwa, tiyi, khofi ndi shuga wa nzimbe, poti amenewa ndi malonda athu akale. Ya mtengatenga ija ndi yoganiziridwa bwino, chifukwa m'dziko lopanda doko ngati lathu, ulendo wa ku Nacala, Beira, Dar es Salaam kapena Durban ndiwo umadya phindu. Palinso mwayi wa mafakitale omwe boma linawaika patsogolo, monga okonza zokolola ndi opanga magetsi, omwe angakhale mpaka zaka khumi osalipira msonkho wa phindu. Khomo lake ndi lalitali: pa zokolola, kampani ya Amalawi okhaokha imafunika kuika madola 500,000, ya alendo madola 5 miliyoni. Manambala otere amatha kusintha ndi bajeti ya chaka, choncho pemphani kuti MRA ikulembereni zomwe zikukukhudzani m'kalata. Mawu apakamwa a pa msonkhano sadzakuikirani kumbuyo tsiku lowerengera mabuku.

Chiphaso cha EPZ (Export Processing Zone, kutanthauza dera lopangira katundu wogulitsa kunja), chomwe lamulo lake ndi la 1995, chimasokoneza anthu ndi dzina lake. Kuno sikuti ndi dera lotchingidwa ndi mpanda. Fakitale yanu pomwe ilipo, kaya ku Kanengo, ku Makata, ku Chirimba kapena ku Luwinga, ndiyo imasanduka dera la EPZ, malinga ngati ikupangira msika wakunja. Pempho limapita ku unduna wa zamalonda ndi mafakitale. Mukavomerezedwa, makina ndi zipangizo zopangira katundu zimalowa popanda msonkho wa pachipata, ndipo apa phindu lake mumaliona tsiku lomwelo, simudikira kutha kwa chaka.

Mtengo wake ndi buku la sitoko. Katundu wolowa mwaulereyo amaonedwa ngati sanalowebe m'dziko, ndiye mita iliyonse iyenera kuoneka komwe yapita. Tiyerekeze mwalowetsa nsalu ya mamita 10,000, ndipo shati imodzi imadya mita imodzi ndi theka. Wa kasitomu akuyembekeza kuona mashati oposa 6,600 atatuluka pachipata, kuchotsapo zidutswa zomwe munagwirizana kale kuti zimatayika podula. Mapepala akasonyeza 5,000 okha, nsalu yotsalayo imatengedwa kuti munaigulitsa ku Limbe, ndipo mumalipira msonkho wake ndi chindapusa. Zidutswa, mashati osokedwa mokhota, mpukutu wonyowa ndi mvula yodontha padenga, zonse zilembedwe, ndipo musaziwotche kapena kugawira antchito wa MRA asanazione. Fakitale ya EPZ yopanda kalaliki wodziwa za kasitomu imagwa pa zimenezi, osati pa kusoka.

Mbiri ya EPZ ndiyo iyenera kutichenjeza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, mafakitale osoka zovala ku Blantyre ndi ku Lilongwe analemba anthu masauzande. Chinawakoka sichinali msonkho wokha, unali msika. South Africa inkalandira zovala zathu pa mgwirizano wapadera, ndipo AGOA, lamulo lolola katundu wa ku Africa kulowa ku America popanda msonkho, inatsegula msika wa kumeneko mu 2000. Mu Januwale 2005 malire omwe mayiko olemera ankaika pa zovala za ku China ndi mayiko ena a ku Asia anachotsedwa, patapita zaka zochepa mwayi wapadera wa ku South Africa nawo unatha, ndipo mafakitale ambiri anatseka. Ziphaso za EPZ anali nazo m'kabati. Zomwezo zinaonekanso ku Ethiopia, komwe paki ya Hawassa yomwe inatsegulidwa mu 2016 inadzaza ndi osoka zovala, koma dzikolo litachotsedwa pa AGOA mu Januwale 2022 ntchito zambiri zinatha.

Lamulo latsopano la Special Economic Zones la 2024 likuyesa kukonza chimene EPZ inalephera: kuika mafakitale pamodzi pamalo okonzedwa kale. Malo omwe akhala akutchulidwa ndi Magwero ku Lilongwe, Matindi ndi Chigumula ku Blantyre, ndi Dunduzu ku Mzuzu. Wa Magwero, womwe uli kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu, ukugwiridwa ndi kampani ya Arise IIP mothandizidwa ndi banki ya Afreximbank. Nzeru yake njabwino, chifukwa mzere umodzi wa magetsi, msewu umodzi wa tala, malo amodzi oyeretsera madzi oipa ndi ofesi imodzi ya kasitomu zingatumikire mafakitale makumi angapo. Anzathu a ku Zambia anayamba kale, ndi Chambishi mu 2007 ndi Lusaka South ya mahekitala pafupifupi 2,100, ndipo kumeneko zinaoneka kuti kulengeza dera ndi kudzaza dera ndi zinthu ziwiri zotalikirana zaka zambiri. Musanasaine lizi pamalo otere, pitani mukaone ndi maso. Funsani kuti thiransifoma ndi ya mphamvu yanji ndipo yalumikizidwa kale kapena ayi, madzi akuchokera kuti ndipo ndi malita angati patsiku, madzi oipa apita kuti, thiraki yonyamula kontena yaitali ingakhote pageti nthawi ya dzinja, ndiponso antchito adzafika bwanji pa shifiti ya usiku. Yankho lililonse loyamba ndi "posachedwapa" muliwerenge ngati ayi.

Magetsi ndi ndalama zakunja ndizo zimafafaniza zokopa zonse. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo fakitale iliyonse yomwe inkafuna kusunga makasitomala ake inayendera dizilo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Kuyambira 2021 ogulitsa kunja anauzidwa kugulitsa gawo la madola awo ku Reserve Bank, poyamba 30 pa 100, pamtengo wa boma. Kwa fakitale yomwe nsalu, ulusi, mabatani ndi zopakira imagula kunja, dola iliyonse yomwe yasinthidwa ndi dola yomwe iyenera kukaimanso nayo pamzere ku banki. Izi MITC siingazikonze, ndipo si mlandu wake, koma wowerengera pulani yanu azilowetse m'masamu asanakondwere ndi K150 miliyoni ija.

Pa ntchito, taonani mafakitale awiri oyerekeza. Yoyamba yagula makina odziyendera okha a K500 miliyoni, yalemba anthu 15. Yachiwiri yagula makina osokera a K100 miliyoni, yalemba anthu 200. Yoyamba yapulumutsa K150 miliyoni, kutanthauza K10 miliyoni pa wantchito aliyense. Yachiwiri yapulumutsa K30 miliyoni, K150,000 pa munthu. Ndipo yachiwiriyo ndi yomwe ikusenza 10 pa 100 ya penshoni ndi 1 pa 100 ya TEVET (yothandizira maphunziro a ntchito zamanja) pa malipiro a anthu 200 mwezi uliwonse. Chiwerengero cha antchito chimalembedwa mu pulani popempha chiphaso, koma kukula kwa kuchotserako sikudalira chiwerengerocho. N'chifukwa chake manambala a ntchito omwe amalengezedwa pa mwambo woyala mwala wa maziko tiziwamva ngati malonjezo. Umboni weniweni uli kale m'manja mwa boma: mndandanda wa PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro) ndi wa penshoni womwe kampani imatumiza mwezi ndi mwezi. Kumangirira gawo la kuchotsera ku mndandanda umenewu, kuti wolemba anthu 200 okhazikika kwa zaka zitatu alandire zoposa wolemba aganyu a nyengo, sikufuna ofesi yatsopano.

Ntchito zochuluka kuposa za mkati mwa mpanda zili kwa operekera fakitale, ndipo apa ndi pomwe wabizinesi wamng'ono angalowere. Fakitale ya chiponde yolemba anthu 40 ingagule mtedza kwa alimi masauzande a ku Mchinji ndi ku Kasungu, koma pokhapokha mtedzawo ulibe chuku, poti msika wakunja umayeza ndipo umabweza kontena yonse. Kopaletivu yofuna msika umenewu iyenera kulembetsedwa, kukhala ndi nambala ya msonkho ndi akaunti ya ku banki, kuumitsa mtedza pa thandala kapena pa lona osati pa dothi, kusiyiratu chizolowezi chowaza madzi posenda, ndi kusunga matumba pa matabwa kutali ndi khoma. Ikapita kukakambirana ndi fakitale, ipemphe mgwirizano wolembedwa wonena mtengo, chinyezi chovomerezeka, amene alipire kuyeza ndi masiku odikira malipiro.