Madzi amchere, chlorhexidine kapena mafuta a clove, chimathandizadi chiseyeye ndi chiti?

Ine nkhama zanga zinayamba kutuluka magazi kalekale, ndimati ndikalavula potsuka mano thovu lonse lofiira koma ndimangoti aaa ndi mswachi wolimbawu. Mpaka tsiku lina ndikukankha dzino lakutsogolo lam'munsi ndi lilime ndinangomva likugwedera. Mantha ake osanena, ndiye ndinayesa pafupifupi zonse zomwe anthu amauzana, ndipo sizofanana ayi.

Madzi amchere ndi amene ndinayambira. Theka la kasupuni kakang'ono mu kapu ya madzi ofunda, kuchukucha masekondi 30 kenako kulavula, kawiri kapena katatu patsiku. Kutupa kumaphwa ndithu ululu nkuchepa, ndipo savulaza bola osameza. Koma mphamvu yake imathera pompo, amangotonthoza basi.

Chlorhexidine, mankhwala ochukuchira mkamwa, ndiye ndi nkhani ina, ameneyu amaphadi mabakiteriya, amakhala wa 0.12% kapena 0.2%. Kwa ine sabata imodzi yokha magazi anali atachepa kwambiri, fungo lija lam'mawa nalonso linapita. Kuipa kwake amadetsa mano, amasiya mizere yabulawuni mphepete ngakhale lilime limada, chakudya nkumamveka chachilendo mkamwa, nchifukwa chake amati musapitirire masabata awiri pokhapokha dokotala atanena. Komanso musachukuche mukangotsuka mano, dikirani mphindi 30 chifukwa mankhwala ambiri otsukira mano amamufoola. Ine masiku oyamba ndimangophatikiza osadziwa kuti ndikutaya mankhwala.

Mafuta a clove (zokometsera chakudya zonunkhira) ali ndi mankhwala otchedwa eugenol omwe amachititsa dzanzi ndiye usiku dzino likamabaya amagonetsa. Koma ndi aukali abale. Ndinanyowetsa thonje lonse nkuika pa nkhama, mawa lake pamalopo panayera mbee khungu nkusupuka. Kadontho kamodzi kosakaniza ndi mafuta ena nkokwanira. Zoika aspirin pa nkhama ndiye musayese nkomwe, amawotcha chimodzimodzi. Zochukucha mafuta a kokonati mphindi 15 ndinangotopa nazo nsagwada, makala nawo mukatsukira mano amangopala dzino.

Chomwe ndinazindikira mochedwa nchakuti zonsezi zimalimbana ndi kutupa, palibe olo chimodzi chomwe chimalimbitsa dzino logwedera. Zoyangayanga za mabakiteriya zomwe zimamata mphepete mwa dzino zikakhala masiku ochepa osachotsedwa zimauma ngati mwala, ndipo mwala umenewo mswachi sungauchotse, mchere kapena chlorhexidine ayinso. Umalowa pansi pa nkhama, nkhama nkumalekana ndi dzino, fupa lomwe lagwira muzu nkumadyeka pang'onopang'ono osapweteka. Chiseyeye chikadali pa nkhama pokha chimatha ndithu mukamatsuka bwino, koma chikafika pa fupa, fupa lomwe lapita silibwerera ndi zapakhomo. Osuta fodya ndiye zimawanamiza kwambiri chifukwa magazi satuluka kwenikweni pomwe mkati zikuwonongeka, a shuga nawonso chimawathamangira.

Mukandifunsa chapakhomo chomwe chinapambana, si zochukucha zija ayi, ndi mswachi wofewa kawiri patsiku mphindi ziwiri ndi kutsuka pakati pa mano ndi kaulusi kotchedwa floss kapena timiswachi ting'onoting'ono tija. Masiku oyamba magazi amatuluka kwambiri, musasiye kutsuka, amachepa okha.

Nditapita kwa dokotala wa mano analowetsa kachitsulo koyezera pakati pa dzino ndi nkhama, akuti zabwinobwino ndi 1 mpaka 3 mm, ine pa dzino lija panali 6. Anapala mwala wonse mpaka pansi pa nkhama, nkulimata dzinolo kumbuyo pamodzi ndi anzake kuti lisamagwedere, anandiletsanso chizolowezi chomaligwedeza ndi lilime. Lilipobe mpaka pano koma sindilumira zolimba. Ngati pakutuluka mafinya, tsaya latupa kapena thupi likutentha, zamcherezo zisiyeni kaye mupite tsiku lomwelo.